Sikiripiti Inadya Ntchito ya Amalume

Rosettenville, Joni
12 Malichi 2023

Amake Princess,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa mwana wathu Princess ndi wa apongozi. Ine kuno ndili bwino. Chimfine cha kuno chinandilonjera nditangofika koma chandisiya. Amalume anu a Vitus nawonso ali bwino, akuti moni kwa mlongo wawo ndi mbumba yonse. Ndikugona m'chipinda mwawo, kuseri kwa nyumba ya eni ake, iwo pabedi ine pansi.

Musadabwe kuti ndalemba papepala. Foni yanu imaswera kotchajitsa ku golosale, ndipo mukaitenga anthu amakhala atatchera khutu. A Jobson, adalaivala a thiraki aja odzera ku Chipata, avomera kumandinyamulira makalata. Akamawoloka pa boda azikuimbirani kuti mukakumane nawo pa Boma.

Munafunsa za ntchito. Kampani yake ndi yaing'ono, mwini wake ndi bwana Gerald. Timasamala makompyuta a mafamase, masitolo a mankhwala aja, ndi a tizipatala tolipira. Musaganize za makompyuta aja ndinkakonza pa kafe ya intaneti ya pa Boma. Awa amawatcha maseva. Amangolira okha m'chipinda chozizira, ndipo m'menemo ndimo mumakhala mayina a odwala ndi mankhwala amene aliyense amalandira. Ena ali pa ofesi pathu pompano, ena ali kutali, koma timawalowa tili pampando.

Ine pakadali pano ndine wonyamula mawaya ndi makwerero. Ntchito yeniyeni ndi ya amalume. M'mawa uliwonse amalowa mu seva iliyonse, imodziimodzi, kuona ngati yadzaza, kufufuta zinyalala, kukopera zonse za dzulo kuti zikasungike pena, kenako n'kulembera bwana lipoti. Pomaliza dzuwa limakhala litapendeka. Akuti anayamba ngati wothirira maluwa kunyumba kwa bwanayu. Tsiku lina anawatenga kuti akawagwirire waya, ndipo ku maluwa sanabwererekonso. Malamulo onse a makinawa ali nawo pamtima ngati Atate Athu. Koma maso ayamba kuwavuta. Amayandikitsa nkhope pagalasi mpaka mphuno kufuna kukhudza, ndipo akaona kuti ndikuwayang'ana amabwerera m'mbuyo.

Fodya wa m'chigafa asanyowe. Denga la mbali ya kudambo lija linkadontha pochoka ine, pezani munthu alifolere. Princess asamajombe kusukulu chifukwa chosoka fodya.

Masiku amene anandidindira pa boda akutha mwezi uno. Amalume akuti ndisade nkhawa, bwana akudziwa. Tingoona.

Ndine wanu,
Rodrick


Rosettenville
21 Meyi 2023

Amake Princess,

Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi mtedza uja. Ndakondwa kumva kuti malungo a Princess anatha. Ife tili moyo, kungoti chisanu cha kuno chimalowa m'mafupa.

Mwezi watha kunagwa katsoka kuntchito. Amalume, ndi maso awo aja, anaphonya chilembo chimodzi, ndipo m'malo mofufuta zinyalala anafufuta kope la famase ina. Mwayi wake kunali kope lina, palibe chimene chinatayika. Koma bwana anawakalipira pamaso pa tonse, munthu wa imvi ngati uja. Tsiku limenelo amalume sanadye.

Zinandipweteka. Munthu ameneyu ndi amene anakulipirirani sukulu ku Ludzi, ndi amenenso anandiitanitsa kuno. Ndinakumbukira zina zimene tinangolawa kusukulu ya makompyuta ku Lilongwe, ndipo ndinayamba kuziwerenganso pafoni. Amazitcha masikiripiti. Zili ngati kulembera waganyu papepala zonse zoti achite: uyambe apa, ukatha upite apo, ukapeza chakuti uchite chakuti. Kungoti waganyu wake ndi makina omwewo, ndipo saiwala kapena kudumpha mzere. Chilankhulo chake chimodzi amati Bashi. Si chachilendo ayi, ndi malamulo omwewo amene amalume amalemba ndi manja tsiku ndi tsiku, kungowasanja pamalo amodzi. China amati Paithoni, chimenecho ndicho ndikulembetsera malipoti.

Ndinkakhala pambali pa amalume n'kumalemba chilichonse chimene akuchita, mpaka ndinachisanja kukhala sikiripiti. Lamlungu lina titachoka ku Misa tinadzera ku ofesi kuti tikayese. Ndinaika madzi a tiyi pamoto, n'kuyambitsa sikiripitiyo. Madzi asanawire, ntchito yonse ija inali itatha, lipoti lili pagalasi.

Amalume anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Yalowa monse?"

Ndinati, "Monse, amalume."

"Nanga ine ndizitani?"

Ndinaseka, ndinati azipumitsa maso. Iwo sanaseke. Anati, "Akamwini, chinthuchi chikhale cha ife awiri. Bwana asachione."

Ndinavomera. Tsopano m'mawa amangoiyambitsa, n'kukhala pamenepo ngati akugwira, lipoti n'kutumiza masana monga kale. Mutu wasiya kuwapweteka. Dzulo anagula nkhuku yonse, akuti tidyerere. Zimenezi musauze apongozi, mukudziwa kuti nkhani ikafika kwa iwo yafika pa Boma.

Soya musagulitse kwa mavenda ochokera ku Zambia aja, masikelo awo ndimawadziwa. Dikirani mtengo ukhazikike. Ndapatsa a Jobson juzi ya Princess, ikakula adzakuliramo.

Ndine wanu,
Rodrick


Rosettenville
6 Ogasiti 2023

Amake Princess,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo chimanga munatsiriza kututa. Ine ndili bwino. Amalume ali choncho, msana ukuwavuta.

Ndili ndi nkhani yoti mukondwere nayo, ngakhale ine sindikudziwa kuti ndiitenge bwanji. Bwana andikweza. Ndili ndi tebulo langalanga, ndipo malipiro awonjezerako.

Zinayenda motere. Magetsi kuno akuthimathima kuposa kwathu. Akathima, maseva amayendera mabatire, ndipo mabatire akatha amazima mwadzidzidzi, zinthu n'kusokonekera m'kati. Tinkathamanga ngati nyumba yapsa. Ndiye ndinalemba sikiripiti ina yoti izimvetsera mabatire. Ikaona kuti afooka imazimitsa maseva bwinobwino motsatana, magetsi akabwera n'kuwadzutsanso. Sindinaganize kuti imeneyi singabisike. Tsiku lina magetsi anathima masana bwana ali pomwepo. Anadikira kuti mafoni ayambe kulira, osalira. Anakhala pa kompyuta n'kuyamba kufufuza, ndipo anazipeza zonse, ndi ya amalume yomwe.

Anatiitana tonse awiri. Anafunsa kuti walemba ndani. Anayankha ndi amalume eni ake, anati, "Ndi mwana wathuyu, bwana. Ali ndi mutu."

Bwana sanakwiye. Anandigwira chanza, anati bwanji sindinanene kale. Tsiku lomwelo anandiuza kuti ndiziike pa wotchi ya m'kati mwa makina, kuti zizidziyambitsa zokha m'mamawa popanda munthu wozikhudza. Ndiye pano tikamafika kuntchito lipoti limakhala litafika kale pafoni ya bwana. Andilembetsanso zina. Ina ndi yotsegulira munthu watsopano akaunti, imelo ndi khadi la pakhomo. Ina ndi yotsekera zonsezo munthu akasiya ntchito. Umangolemba dzina basi.

Makwerero ndi mawaya tsopano akunyamula ndi amalume. Lachinayi ndinawapeza ali pamwamba, mutu uli m'denga. Ndinati atsike ndikwere ine. Anati, "Pitani mukakhale patebulo panu, bwana angakufuneni." Kunyumba timadyera limodzi monga kale, koma nkhani zachepa. Amangomvetsera wailesi pafoni.

Ndatumiza kangachepe, mugule malata oyambira, enawo tidzaonjezera. Musawaike poonekera, muwalowetse kuchipinda. Anthu akafunsa muzingoti ntchito ikuyenda. Za kukwezedwaku musalengeze, makamaka pakhomo pa apongozi.

Za mapepala anga okhalira m'dziko muno bwana akuti tsopano aziganizira. Anateronso mu Epulo.

Ndine wanu,
Rodrick


Rosettenville
19 Novembala 2023

Amake Princess,

Moni kwa inu ndi mwana. Thupi langa lili bwino.

Ndikudziwa kuti mwamva kale. Ndinalephera kuyankha mafoni anu chifukwa ndinalibe mawu, ndipo amalume amakhala ali pomwepo. Ndikufuna mumve kwa ine mmene zinakhalira.

Linali Lachisanu lomaliza la Okutobala. Bwana anaitanira amalume mu ofesi mwake n'kutseka chitseko. Sanakhalitsemo. Potuluka anadutsa patebulo panga osandiyang'ana, n'kulowa kukhitchini kukatsuka kapu yawo. Kenako bwana anabwera n'kundiikira kapepala patsogolo, pali dzina lawo. Anati, "Yendetsa sikiripiti yotseka ija." Anaonjeza kuti makasitomala akuchepa ndipo sangasunge munthu wongonyamula makwerero, kuti wawapatsa kenakake kotsanzikira, kuti nayenso zikumuwawa. Mwina zinkamuwawadi. Anaima kumbuyo kwanga kudikira.

Ndinalemba dzina la amalume anu. Sizinatenge nthawi yoposa kumeza malovu.

Amalume atatsuka kapu anapita kuchipinda cha maseva kukatenga jekete lawo limene ankavala chifukwa cha kuzizira kwa m'menemo. Anaika khadi pachitseko, chitseko osatseguka. Anapukuta khadilo pamalaya n'kuikanso. Ndinanyamuka n'kukawatsegulira ndi langa. Anati, "Zikomo, akamwini." Mawu amene anandiuza tsiku limenelo ndi okhawo.

Apongozi anandiimbira Lamlungu lake. Sanandipatse mpata. Anati mlongo wawo anatola njoka n'kuifunditsa bulangete, kuti ndinapita ku Joni ndi cholinga, kuti malata amene ali kuchipinda kwathu ndi thukuta la a Vitus. Ndiye malata aja anawaona. Ndikanawauza chiyani, kuti ndinkafuna kupulumutsa maso a mlongo wawo? Ndikamazinena ndekha m'mutu nazonso zimamveka ngati bodza.

Za dimba limene akulandani, musalimbane nawo. Ndi la mbumba yawo, ine ndine mkamwini chabe. Ndiwo muzigula kaye. Feteleza ndamva mmene wakwerera. Gulani amene mungathe, musakanize ndi manyowa a m'khola, muthire mbali ya munda ya kumtunda yokha. Fodya chaka chino tisiye.

Amalume akadali nane m'chipinda muno. Lendi ndikulipira ine tsopano. Ndinawauza kuti ndiwakwezere basi apite kumudzi akapume. Anati anachoka kumudzi ku Kapondo tsitsi lili lakuda, sangakatsike pa Boma ndi chikwama chimodzi anthu n'kumawaloza. M'mawa amavala bwinobwino n'kupita kukaima pamsewu pamene anthu amadikirira maganyu. Amene amatengedwa ndi anyamata amphamvu, iwo amabwerera masana.

Mundipempherere.

Rodrick


Rosettenville
25 Febuluwale 2024

Amake Princess,

Ndalandira kalata yanu. Pepani ndi ng'amba imene mwanenayo. Ngati chimanga cha kumunsi chapserera, chisiyeni, musadzivutitse ndi kuthirira ndi ndowa. Bzalani mbatata mvula ikangobwerera.

Ine ndili moyo. Amalume sali bwino. Chala cha kuphazi chinachita bala ndi nsapato, ndipo silikupola. Amamwa madzi pafupipafupi, thupi likutha. Ndinawakakamiza kupita ku kiliniki, anawapeza ndi shuga, akuti ndi amenenso wakhala akuwononga maso. Anawapatsa mapilitsi n'kuwauza kuti abwerenso. Sanabwerereko. Tsiku limenelo pakhomo pa kiliniki panali anthu ena ofunsa aliyense kumene anachokera, ndipo amalume akuti sangakatukwanidwenso pamzere ngati mwana.

Mwalemba kuti apongozi atuma mawu kwa ankhoswe. Ndawerenga mzere umenewo kangapo. Sindikukuimbani mlandu. Muli pakati pa amayi anu ndi ine, ndipo amayi anu ndi amene mumaonana nawo m'mawa uliwonse. Ndikungopempha kuti muwauze ankhoswewo adikire ndidzabwere, nkhani ya banja isakambidwe mwini wake kulibe.

Ndinayesa. Ndinapita kwa bwana kukapempha kuti malipiro anga agawe pakati, amalume abwerere. Anati vuto si malipiro okha, ntchito yoti agwire palibe.

Ndiye ndinaganiza zina. Masikiripiti aja ndinalemba ndine, ndipo palibe wina pakampani amene amawamvetsa. Nditasintha pang'ono chabe, akhoza kuyamba kulephera mwa apo ndi apo, bwana n'kuona kuti pakufunikabe munthu woyang'ana ndi maso. Ndinawauza amalume ndikuwatsuka bala. Anachotsa phazi m'beseni.

Anati, "Mukudziwa zimene zili m'makina aja?"

Ndinati ndikudziwa.

"Muli mayi wina amene amakatenga mankhwala a mtima mwezi ndi mwezi. Dzina lake likasowa, mudzamuuza kuti munkathandiza amalume? Ine ndasamala zinthu zija zaka zonsezi osataya dzina la munthu. Musandidetsere."

Anabwezera phazi m'madzi, ine n'kupitiriza kutsuka. Kuyambira Okutobala, aka kanali koyamba kundilankhula mawu ochuluka chotere.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, zina zapita ku mankhwala ndi mabandeji. Yunifolomu ya Princess idikire.

Rodrick


Rosettenville
16 Juni 2024

Amake Princess,

Ndakhala chete nthawi yaitali, mundikhululukire. A Jobson anabwera kawiri, ndinalibe choti ndiwapatsire, ndipo ndinachita manyazi kutumiza pepala lokha. Lero ndatumiza pepala lokhalo. Ndikhulupirira inu ndi mwana muli moyo. Zoti mwakolola zosafika ndi Okutobala yemwe ndamva.

Ntchito inatha. Bwana Gerald anagulitsa makasitomala ake onse kwa kampani ina yaikulu, iye akuti watopa, akupita kukakhala kwa ana ake. Akampani yatsopanoyo anatumiza mayi wina wodziwa zinthu kudzaona mmene timagwirira. Anawerenga masikiripiti anga onse. Anati ndi olembedwa mwaukhondo, ndipo awatenga kuti akagwirenso ntchito m'maseva awo. Anandipempha kuti m'kati mwa iliyonse ndilembemo kufotokoza zimene imachita, kuti wina aliyense azitha kuisamala. Ndinagwira ntchito imeneyo mwezi wonse wa Epulo, ndi mtima wonse, poganiza kuti ndikudzikonzera malo. Nditamaliza anandifunsa chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno. Ndinayang'ana bwana Gerald, iye anayang'ana pawindo. Mayiyo anati pepani, kwawo popanda pepala sangalembe munthu.

Tsiku lomaliza dzina langa ndinalemba ndekha mu yotseka ija. Bwana anandipatsa laputopu yakale kuti ikhale yanga.

Pano ndimathandiza pa kashopu kena kokonza mafoni pafupi ndi pokwerera mateksi. Amandipatsa malinga ndi mafoni amene ndakonza. Masiku ena sindipita, tikamva kuti apolisi akuzungulira. Zina zimene zikuchitika m'misewu muno sindilemba.

Bala la amalume lafika pachidendene. Sakutulukanso. Koma chodabwitsa, chichokereni ntchito ine, ayamba kundilankhula ngati kale. Mwina chifukwa tafanana. Loweruka lina masana ndili pa laputopu anati, "Tandionetsani chinthu chinandichotsa ntchito chija."

Ndinakulitsa zilembo mpaka mzere umodzi kudzaza galasi. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. Kenako anati, "Koma awa ndi mawu anga."

Ndinati, "Anu onse, amalume. Ine ndinangowasanja."

"Basi? Palibenso china?"

"Chinacho n'chochepa. Kungouza makina kuti akatha apa abwereze apo."

Anandiuza kuti ndiwasendezere. Masana onsewo analimbana nayo, kulakwitsa, kufufuta, kundikaniza kuwagwirira. Dzuwa likulowa anali atalemba yawoyawo, timizere tochepa toona ngati laputopuyo yadzaza. Ataiyendetsa inalemba pagalasi mawu amene anaiuza okha, akuti, "Zili bwino, a Vitus." Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Akamwini, chikhala munandiphunzitsa izi poyamba paja m'malo mondichitira, bwenzi tili pena."

Sananene mokwiya. Koma mawu amenewo sakundichoka. Sindinaganizeko n'kamodzi komwe. Ndinkaona munthu wokalamba wofunika kumupeputsira katundu, osaona kuti akanatha kuphunzira.

Alonjeza kuti aimbira apongozi n'kuwauza kuti mlandu si wanga. Akuti adikire kaye apezeko mphamvu, chifukwa mlongo wawo akamva mawu awo mmene alilimu adziwa kuti akudwala. Inunso musawauze za matendawa, andiletsa.

Malata aja gulitsani mugule chimanga chisanakwere.

Rodrick


Rosettenville
11 Ogasiti 2024

Amake Princess,

Pamene muziwerenga kalatayi mudzakhala mutalandira kale thupi la amalume, chifukwa ndaipatsira a Zakeyu amene akuperekeza maliro. A Zakeyu ndi mkulu wa gulu lathu la Amalawi a kutchalitchi kuno, kwawo ndi cha ku Ludzi. Muwalandire bwino, atigwira mkono kwambiri. Za moyo wanga musade nkhawa, ndikuyenda.

Pafoni ndinangoti amalume atisiya. Ndikuuzeni zotsalazo. Kumapeto kwa Julayi mwendo unatupa mpaka m'bondo ndipo anayamba kubwebweta. Sindinawafunsenso, ndinaitana galimoto n'kupita nawo kuchipatala chachikulu. Anatilandira, sanatibweze. Madokotala anati tachedwa, poizoni walowa m'magazi, ndipo ngakhale kudula mwendo thupi silingapirire. Anakhalamo masiku owerengeka. Ndinkapita m'mawa ndi phala, ngakhale sankadya. Anamwalira Lachiwiri masana, ine ndili pambali pawo. Wansembe anali atabwera dzulo lake, amalume analandira masakramenti onse.

Apongozi sanawaimbire. Tsiku lina ali bwinoko ndinaimba ndekha nambala n'kuwaikira foni pakhutu. Itangoyamba kuitana anaikankha, anati, "Mawa, akamwini. Lero mawu akunjenjemera." Mawa lakelo sankazindikiranso munthu. Ndiye palibe amene adzawauze amayi anu zimene amalume ankafuna kunena. Ndatsala ine ndekha, ndipo mawu anga kumeneko alibe mtengo. Inu mukhoza kukhulupirira kapena ayi, sindikukakamizani.

Anthu a gulu anasonkha, ine ndinagulitsa laputopu ndi foni. Ndiye musandiimbire pa nambala ija. Mukafuna kundipeza muzidzera kwa a Zakeyu kapena a Jobson.

Ndinkafuna kukwera nawo. Ndikudziwa kuti ndikadutsa pa boda ndi pasipoti yotha masiku chonchi andidinda zoti ndisadzabwerenso kuno, koma zimenezo sizinandiopse, kuno ndatsala ndi chiyani. Chimene chandiletsa ndi uthenga wa apongozi kwa a Zakeyu, woti ndisaponde pamaliro a mlongo wawo. Ndaganiza kuti ndimvere. Ataya munthu amene ankawadyetsa, asavutikenso ndi kuona nkhope yanga pamanda. Mwambo uyende mwamtendere.

Inu musakangane ndi aliyense. Tungani madzi, phikani, khalani pafupi ndi amayi anu ngakhale atakukankhani. Akanena za ine pasiwa, musandiikire kumbuyo. Ankhoswe akadzabwera maliro atatha, ndinapempha kale kuti adikire, koma tsopano sindikudziwa kuti adikire mpaka liti. Chimene mudzaone kuti chikuthandizani inu ndi mwana, chitani chimenecho. Princess mumuuze kuti abambo ake akadali kuntchito. Akadzakula ndidzamuuza ndekha.

Chikwama cha amalume chili m'galimoto ya maliro momwemo. Muli zovala, kolona, ndi nsalu ziwiri zimene anagulira mlongo wawo kalekale, ankadikira kudzapereka okha. Mupereke inu, musanene kuti ndalongedza ndine.

Ndili ndi pempho limodzi. Kuno kunalibe wachibale wina, ndiye anthu osamala maliro anandilola kulowa pokonza thupi. Ndinawasambitsa ndekha, ndinawaveka, ndinawapesa. Ndevu zinali zitakula m'chipatala muja, ndinazimeta pang'onopang'ono osawacheka paliponse. Pa nthawi yoona nkhope, muwagwire dzanja amayi anu afike pafupi. Musawauze kanthu. Angoona kuti mlongo wawo sanafe ngati munthu wopanda abale.

Ndine,
Rodrick